Funso: nsembe kapena kudzimana, nanga irony tiziti chani?

Mayi wina wandilembera kuti akumasulira nkhani ya O. Henry, wolemba wa ku America, ija ya 1905, The Gift of the Magi, kuti achinyamata akutchalitchi apange sewero pa Khrisimasi, ndiye akufunsa ngati zomwe anachita Della ndi Jim tingazitche nsembe, komanso irony, liwu lachingerezi lonena za zinthu zikachitika mosemphana ndi zomwe munthu amayembekezera, pa Chichewa ndi chani.

Mayi, zikomo, nkhaniyi ndimaikonda kwambiri. Kwa amene simuidziwa, Della anali ndi $1.87 yokha, anakameta tsitsi lake lalitali lofika m'mawondo nkuligulitsa $20, nkugulira mwamuna wake tcheni cha wotchi cha $21, Jim nayenso wagulitsa wotchi yagolide ya bambo ake ndi agogo ake kuti agule zipeso zomwe mkazi wake ankazisilira pa windo la shopu.

Pa nsembe ine ndikukana. Nsembe kwathu imathiridwa, imaperekedwa kwa Mulungu kapena kwa mizimu ya makolo, ndiye mukati Della anapereka nsembe anthu aganiza za guwa ndi ansembe. Kudzipereka nako kumapita ku ntchito, ngati namwino wodzipereka. Mawu oyenera apa ndi kudzimana, monga mayi amene amagona ndi njala kuti ana adye, amene uja timati wadzimana, ndipo Della ataimirira pagalasi kuyang'ana tsitsi lake komaliza misozi ikulengeza, ndi zomwezo ndendende.

Irony ilibe liwu limodzi lokhazikika, ndipo chonde musalembe chipongwe kapena mnyozo, palibe akunyoza mnzake munkhaniyi. Chichewa chimaisenza mkati mwa chiganizo, ndi timawu ngati kuteroko, osadziwa kuti, si uyu. Tamverani: "Della anabwera ndi tcheni akusekerera, kuteroko wotchi inapita kale." Kapena: "Jim anatulutsa zipeso m'thumba, osadziwa kuti tsitsi lili kwa wogula." Kuteroko ameneyo wagwira ntchito yonse, omvera adziwa zomwe Della sakudziwa ndipo mtima umapweteka pompo.

Mutu wokha musavutike, Magi ndi anzeru akum'mawa aja a pa Mateyu 2, ndiye Mphatso ya Anzeru Akum'mawa ikukwana bwinobwino. Wosewera Della muuzeni asafulumire pomwe akutsegula phukusi la zipeso, agwire kaye kumutu kometedwako.