Swill si mkute, mchemwali

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mchemwali wina amene amagwira ntchito kukhitchini ya nyumba yosamalira okalamba ku Leicester. Anatenga mpunga ndi nyemba zadzulo kuti akadye masana, ndiye mnzawo wina atasuzumira m'kontena anangoti "swill", n'kuseka. Akufunsa ngati imeneyi ndi nthabwala kapena chipongwe.

Mchemwali, mwatokosa chilonda chakale. Chaka changa choyamba ku England ndinkakwecha mapoto pahotela ina. Kuseri kwa chitseko kunali chimgolo chabuluu, ndipo cha m'ma 11 koloko usiku zonse zinkathera mmenemo: mbatata, buledi, msuzi, nkhuku yoti munthu sanailase n'komwe. Tsiku lina ndinakulunga ntchafu ziwiri m'pepala kuti ndikaonere kadzutsa. Wophika wamkulu anandigwira pakhomo, n'kuloza mgolo uja, amvekere imeneyo ndi swill. Ndinakaponyamo ndi dzanja langa lomwe, m'mimba mukulira.

Chinandiwawa si njala ayi. Kwathu ku Ntcheu agogo sankataya nsima. Ikagona inali mkute, m'mawa timaiwamba pamakala tisanathamangire kusukulu. Makombo a alendo anali athu ana, ndipo nkhoko za mumphika tinkachita kulimbirana. Chakudya chotsala chinali ndi mayina ake, ndipo palibe ndi limodzi lomwe limene linali lotukwana.

Liwu la swill linachokera ku mneni wa Chingerezi chakalekale wotanthauza kutsuka kapena kutsukuluza. Ndiye kunena mosapsatira, swill ndi matsukwa, madzi otsukira mbale osakanikirana ndi nyenyeswa, amene ankathirira nkhumba m'chomwera. Mbale wake ndi hogwash, lomwe poyamba linkatanthauza chakudya chomwechi koma lero amalinena munthu akamayankhula zopanda mutu.

Komatu Angerezi omwewa anali kuilemekeza swill njala itawafika pakhosi. Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ankaika migolo m'misewu kuti mabanja azitayamo zotsala za nkhumba, ndipo ku Tottenham ankaziwiritsa n'kuumba chimtanda chomwe anthu anachitcha Tottenham pudding. Zinasintha mu 2001. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi atabuka mu February chaka chimenecho, ofufuza analondola gwero lake pafamu ina ya nkhumba ku Heddon-on-the-Wall, ku Northumberland, komwe ankadyetsa zotsala zosawiritsa. Ziweto zoposa 6 miliyoni zinaphedwa, ndipo mu May boma linaletseratu kudyetsa nkhumba zotsala za m'khitchini. Apa sindingawatsutse. Amalume anga amene amatolera makombo m'malesitilanti kukapatsa nkhumba zawo ndimawauza zomwezi, poti kachilombo ka chigodola kamakhalabe kamoyo m'tizidutswa ta nyama ya nkhumba.

Koma taganizani bwino. Ku Britain lero swill ndi chinthu choti ngakhale nkhumba siiloledwa kudya. Ndiye wina aziloza nyemba zanu, zoti munaimirira pamoto kuphika mutaweruka usiku, n'kuzitcha dzina limeneli? Ndimati ndikuuzeni kuti mwina ankangocheza, koma ayi, ndasintha maganizo ndili mkati molemba. Ndi chipongwe, kaya anachinena akumwetulira.

Ndisaiwale za ku New York. Mu 1858 kunaphulika nkhani ya swill milk, mkaka wa ng'ombe zomwe ankazidyetsa masese a m'mafakitale otchezera mowa. Mkakawo unkakhala wamadzimadzi, ogulitsa n'kumathiramo choko kuti uyere, ndipo makanda ambiri anafa nawo. Liwu limeneli fungo lake ndi lakalekale.

Tsono yankho lake

Chakudya chanu chija m'Chingerezi ndi leftovers, ndiwo mkute wathu, ndipo iwonso amadya, makamaka Khirisimasi ikangodutsa. Scraps ndi zopala m'mbale zopatsa galu. Swill amanenanso mowa kapena tiyi woipa, komanso munthu wopapira mowa. Koma bwana akakupatsani ndowa n'kunena kuti swill it out, musakwiye, akungoti muitsukuluze. Mnzanuyo akadzabwerezanso, mudzamuuze modekha kuti ndi leftovers, mumufunse ngati akufuna kulawako.