Vuto si inu achemwali, sewero la Noughts + Crosses linachotsamo sukulu

Sabata ino achemwali ena andilembera pa imelo. Akuti buku la Malorie Blackman la Noughts & Crosses analiwerenga ali ku sekondale mpaka masamba kuthothoka, koma ataonera sewero lake la BBC anangoti kakasi, osamva kalikonse mumtima. Funso lawo lili pawiri: kodi vuto ndi iwo, mwina anangokula? Nanga mng'ono wawo wa fomu 2 ayambe ndi buku kapena kanema? Amene simunawerenge dziwani kuti ndiulula mathero.

Achemwali, vuto si inu. Chimene chinakugwirani mtima m'bukumo anthu a kanema anachichotsa dala, ndipo chinthucho ndi ubwana wa Sephy ndi Callum.

Bukuli linatuluka mu 2001. Dziko lake ndi lotembenuza: akuda, otchedwa ma Cross, ndiwo ali ndi chuma ndi boma, pomwe azungu, ma nought, ndi antchito onyozeka. Nkhani ikamayamba Sephy, mtsikana wachikuda, ali ndi zaka 13, mnzake Callum, mnyamata wachizungu, 15. Callum wakhoza mayeso, ali m'gulu la ana ochepa achizungu oyamba kuloledwa kulowa sukulu ya ma Cross ya Heathcroft. Tsiku loyamba pakhomo pa sukulu pali chikhamu chokana anawa, ngati zomwe zinachitikadi ku Little Rock m'dziko la America mu 1957. Pofuna kuteteza mnzake, Sephy akukalipira chikhamucho, koma m'kamwa mwake mukutuluka mawu omwewo achipongwe amene anthu amatukwanira azungu. Callum akumva. Apa ndi pamene ambiri tinaika buku pansi kaye. Mwana wabwino mtima, wokonda mnzake, koma tsankho analiyamwira osadziwa. Kenako akukakhala pa tebulo la ma nought nthawi ya nkhomaliro, poganiza kuti akuchita zabwino, atsikana anzake n'kumumenyera kuchimbudzi.

Ndiye pali phunziro la mbiri yakale lija, pamene mphunzitsi akutchula akatswiri akuda okhaokha, Garrett Morgan, Charles Drew, Matthew Henson, Callum n'kufunsa kuti nanga azungu sanachitepo kanthu? Mayinawo ndi a anthu enieni amene mabuku a sukulu ku Britain ankawadumpha. Blackman anangotembenuza kalasi yomwe iye mwini anakhalamo ali mwana.

Tsopano taonani zomwe BBC inachita mu 2020. Inawakuza onse awiri. Sephy, amene akusewera Masali Baduza wa ku South Africa, ndi mtsikana wa msinkhu wa ku yunivesite. Callum, yemwe ndi Jack Rowan, sakupita ku Heathcroft, akulowa sukulu ya usilikali ya Mercy Point. Ndikumvetsa chifukwa chake. Bukuli limayenda zaka zingapo mpaka kufika pa mimba ya Sephy, ndiye kuti asachite kusintha ochita sewero pakati panjira, kunali kwapafupi kuyamba ndi akuluakulu. Koma mtengo wake unali waukulu. Mwana wa zaka 13 akalankhula mawu opweteka mosadziwa, umamumvera chisoni ndipo umadzifunsa kuti iwe unkalankhula zotani pa msinkhu umenewo. Munthu wa msinkhu wa ku yunivesite akamadabwa kuti dziko lake lili ndi tsankho, umangoti, nanga masiku onsewa anali kuti? Komanso ambirife sitinapondeko ku kambi ya asilikali, pomwe kalasi, yunifolomu ndi mphunzitsi wokondera tonse timazidziwa.

Lynette, mlongo wake wa Callum, m'seweromo mulibe n'komwe. Ine izi ndiye sindinazikhululukire. Imfa yake ndi imene inaswa banja la Callum, la a McGregor, n'kukankhira bambo ake Ryan ndi mkulu wake Jude ku gulu la zigawenga la ma nought la Liberation Militia. Popanda iye mkwiyo wa Jude umaoneka ngati anabadwa nawo.

Kuonjezera apo, m'buku mitu imasinthana, wina Sephy akufotokoza yekha, wotsatira Callum. Mumakhala m'mutu mwa aliyense, mukudziwa zimene wina akubisira mnzake. Kamera siingalowe m'menemo, imangokuonetsani nkhope ziwiri zokongola zikuyang'anana.

Komabe sindingalitaye lonse seweroli. Buku silinafotokoze kwambiri maonekedwe a dzikolo, pomwe kanema analimanga ndithu: Albion, ndiye Britain wa m'seweromo, dziko lomwe ufumu wachiafirika wa Aprica unalanda zaka 700 zapitazo. Anajambulira ku South Africa, makamaka ku Cape Town, ndipo London wake ali ndi nyumba zomangidwa mwachiafirika, mabwana ovala nsalu zamaluwa, azungu oluka tsitsi kuti afanane ndi olamulira. Kwa ife amene majaji athu anatengera mawigi a ku England, kuona zinthu zitagadabuka chonchi kumaseketsa komanso kumabaya. Paterson Joseph ngati Kamal Hadley, bambo ake a Sephy, anachita bwino kwabasi. Ndipo nkhani ya pulasitala, yomwe imapangidwa ya mtundu wa khungu lakuda basi, anaisunga, ngakhale anaisamutsa kuchoka pa chipumi cha mtsikana wa ku sukulu kupita pa chala cha Callum.

Mathero nawo anakusokonezani, ndikudziwa. Buku limatha Callum atanyongedwa, Sephy atakana kuchotsa mimba, mwana Callie Rose n'kubadwa wopanda bambo. Magawo 6 a 2020 amatha awiriwa atathawira limodzi, khomo litasiyidwa lotsegula kuti nkhani ipitirire, ndipo inapitiriradi mu 2022 ndi magawo ena 4. Munthu amene analira ndi tsamba lomaliza lija sangakhutire ndi kuthawa.

Za mng'ono wanu, mupatseni buku kaye, panopa ali pa msinkhu wa Sephy, chifukwa akadzakula sadzalimvanso chimodzimodzi. Muli kudzipha, bomba ndi kunyongedwa, choncho muzimufunsa pamene wafika. Akamaliza muonere limodzi gawo loyamba, mumusiye aone yekha kuti Lynette mulibe. Akafunsa za Callie Rose, buku lotsatira ndi Knife Edge, la 2004.