Datsun ya malemu malume ingasanduke hot rod, koma V8 idikire kaye

Kalata yomwe ndikuyankha lero yachokera kwa mnyamata wa ku Lilongwe amene amawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo. Akuti wakhala akuonera pa YouTube magalimoto akale aja a ku America osinthidwa kuti azithamanga kwambiri, otchedwa hot rod, makamaka Ford ya 1932 yopanda madigadi, injini ili poyera, ndipo mtima wake wakakamira pomwepo. Kumudzi kuli Datsun 620 ya malemu malume ake yomwe yakhala pa njerwa kwa zaka zambiri. Ndalama zomwe amatsala nazo pakutha pa mwezi ndi zochepa. Akufunsa ngati ayambe kusunga kuti tsiku lina adzaitanitse Ford yeniyeni kuchokera kunja, kapena agule kaye injini ya V8, ija ya masilinda asanu ndi atatu, n'kuiika mu Datsun ija. Akufunsanso ngati munthu wopeza movutikira angakwanitse n'komwe.

Achimwene, mungakwanitse. Koma njira ziwiri mwatchulazo ndikukuletsani zonse.

Anthu amene anayambitsa hot rod sanali olemera. Anali anyamata a kum'mwera kwa California m'zaka za m'ma 1930, nthawi imene chuma cha America chinali chitagwa ndipo ntchito zinkasowa. Kampani ya Ford inali itapanga ma Model T oposa 15 miliyoni pakati pa 1908 ndi 1927, kenako Model A mpaka 1931, moti okutha anali mbwee m'malo otayirako zitsulo. Mnyamata ankagula chiphapha chotchipa n'kuchotsa madigadi, mabampa, denga ndi chilichonse cholemera, pakuti kuchotsa sikulira ndalama koma galimoto imapepuka n'kuyamba kuthamanga. Kumapeto kwa sabata ankakayesana liwiro pa nyanja zouma za m'chipululu cha Mojave, ku Muroc ndi ku El Mirage, ndipo mu 1937 makalabu awo anagwirizana n'kukhazikitsa Southern California Timing Association kuti mipikisano iziyenda mwadongosolo.

Mu 1932 Ford inatulutsa V8 yotsika mtengo, ija amaitcha flathead, ya malita 3.6 ndi horsepower 65 basi. Corolla wamba ya lero imaiposa mphamvu. Injinizi zitayamba kupezeka m'magalimoto ochita ngozi, anyamata aja ankazizula n'kuziika mu Model A yopepuka. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ambiri anabwerako atadziwa kuwotcherera ndi kukonza injini ku usilikali. Bill Burke anafika potenga thanki yamafuta yomwe inkapachikidwa kunsi kwa ndege yankhondo n'kuisandutsa bodi ya galimoto ya mpikisano, chifukwa mathanki otsala pankhondo ankagulitsidwa motchipa. Magazini ya Hot Rod inayamba mu 1948, bungwe la NHRA loyendetsa mipikisano ya ma hot rod mu 1951, ndipo kuchokera pamenepo malonda analowamo.

Ford ya 1932 ija anyamata aja anaikonda chifukwa ndi yomwe inali pafupi ndi manja awo. Lero yasanduka ya anthu a ndalama. Bodi yake yokha yachitsulo, yopanda injini, imadya madola masauzande ambirimbiri musanawerengere sitima, msonkho wa MRA ndi vuto lopeza ndalama zakunja. Mukati muzisungira imeneyo mudzachita imvi musanagwire sipanala. Anzathu a ku South Africa sanadikire magalimoto a ku California. Basil Green wa ku Johannesburg anatenga Ford Capri n'kuikamo V8 ya malita 5, ndipo Capri Perana ya 1970 mpaka lero anthu amaiweramira. Kumeneko mupeza ma Cortina, ma Nissan 1400 omwe anapangidwa ku Rosslyn mpaka 2008, ndi ma Hilux akale atasinthidwa mochititsa kaso. Ngakhale ku America komweko Datsun 620 ili ndi anthu ake oikonda. Inapangidwa kuyambira 1972 mpaka 1979, imakoka ndi matayala akumbuyo, ndipo bodi yake imakhala pa chasisi chapadera chomangika ndi mabawuti. Zinthu ziwiri zomalizazi ndi zomwe womanga hot rod aliyense amafuna. Muli ndi poyambira pabwino kuposa mmene mukuganizira.

Musanaigwire, khalani pansi ndi abale. Mwanena kuti malume anamwalira, ndiye galimotoyo ndi chuma chamasiye, ndipo lamulo la 2011 la chuma chamasiye limaika patsogolo mkazi ndi ana a malemu. Lero ili pa njerwa palibe akuiyang'ana, koma tsiku lomwe idzalire n'kuwala, eni ake adzapezeka. Gwirizanani mtengo ngakhale wochepa, mulemberane pamaso pa mboni, ndipo musinthe umwini ku Road Traffic. Onetsetsani kuti nambala ya chasisi yomwe ili pa chitsulo ikufanana ndi ya pa blue book. Muli komweko funsani zomwe amafuna munthu akasintha injini kapena mtundu wa penti, kuti musadzavutike pa COF kapena pa rodibuloko. Galimoto yopanda mapepala musaikepo ngakhale tambala imodzi. Pa ichi sindikunyengererani.

Kenako gonani pansi pake ndi tochi, nyundo yaing'ono ndi sikuludiraiva. Gogodani chasisi chonse, makamaka pomwe masipuling'i akumbuyo amagwira, pomwe bokosi la chiwongolero lamangika, ndi pomwe kabu imakhalira. Chitsulo chabwino chimalira mwakuti ngwee, chodyeka ndi dzimbiri chimangoti phu ndipo sikuludiraiva imalowa. Dzimbiri la pansi pa mapazi, la m'munsi mwa zitseko ndi la pansi pa batire lisakuopseni, zimenezo ndi zodula n'kuika chigamba, ndipo apa ndi pomwe ntchito yanu ikupulumutsireni ndalama zambiri. Yendetsaninso maginito pabodi. Pomwe sikugwira ndiye kuti wina anamatapo filler wochindikala kubisa bowo kapena chipindo.

Chenjezo limodzi kwa inu monga wowotcherera. Makina a ndodo omwe mumapangira mageti amaboola malata opyapyala a bodi ndi kuwapinditsa ndi kutentha. Pa bodi pamafunika MIG, makina owotcherera ndi waya wopyapyala, kapena gasi, kudonthetsa pang'ono apa, kudumpha, kudikira kuti pazizire, n'kubwereranso. Ngati mulibe MIG, gwirizanani ndi wokonza mabodi kuti muzimugwirira ntchito ina iye n'kumakubwerekani makina madzulo. Yesererani kaye pa chitseko cha sikirapu. Ndipo zitsulo za chiwongolero musaziwotcherere kapena kuzitenthetsa kuti zipindike. Zikatha, gulani zina.

Ndalama zanu zoyamba zipite ku mabuleki. Izi si zanga ayi, anyamata a ku California aja ankachita zomwezo. Ford inkagwiritsa ntchito mabuleki okoka ndi ndodo kapena mawaya mpaka 1938, ndipo itabweretsa amafuta mu 1939, aliyense womanga hot rod ankasakasaka mabuleki a 1939 ndi 1940 kuti aike pa galimoto yake yakale. Ankadziwa kuti liwiro lopanda choimitsira ndi maliro. Ma 620 ambiri a zaka zoyambirira ali ndi mabuleki a dramu matayala onse anayi. Galimoto yomwe yakhala nthawi yaitali, mafuta a mabuleki amakhala atamwa chinyezi, mapaipi achitsulo adyeka m'kati, a labala auma ndi kung'aluka. Sinthani mapaipi onse, malabala onse, ndi masilinda a m'matayala. Ngati master cylinder yake, ija imakankha mafuta mukaponda buleki, ili ya njira imodzi, ikani ya njira ziwiri, kuti paipi imodzi ikaphulika matayala awiri atsale akugwira. Mukadzaganiza zowonjezera mphamvu ya injini, madisiki kutsogolo abwere injiniyo isanabwere. Mukathana ndi mabuleki onani mabushi, mabeling'i ndi kusewera kwa chiwongolero, kenako matayala. Tayala lomwe lakhala padzuwa zaka zambiri ndi lakufa ngakhale mano ake akuoneka atsopano.

Tsopano cholakwa chomwe chimapha ntchito zambiri zotere. Munthu amasangalala, sabata imodzi wamasula zonse, injini uko, zitseko uko, mabawuti m'ndowa imodzi. Kenako ndalama zatha, mvula yabwera, ana aseweretsa tizitsulo, landilodi akufuna malo ake, mapeto ake galimoto igulitsidwa pa sikelo. Inu musatero. Idzutseni ndi injini yake yomweyo. Chotsani mapulagi, thirani oyilo pang'ono m'masilinda, idikireni masiku angapo, muizungulitse ndi sipanala musanaike batire. Tsukani thanki ndi kabuleta, sinthani oyilo, mafyuluta, mapoyinti ndi mapaipi a rediyeta. Injini zakale za Datsun ndi zosavuta, makaniko aliyense wachikulire ku Biwi kapena ku Ndirande anakulira pa zimenezi. Ikayamba kuyenda, muzikonza chinthu chimodzi n'kuibwezera pamsewu musanayambe china. Chilichonse mwamasula chijambuleni pa foni, mabawuti ake muike m'kajumbo kolembedwa. Pikiapu yoyenda ingathenso kumakunyamulirani mageti kupita kwa makasitomala, n'kumadzipezera yokha ndalama za masipeyala. Munthu amene akumanga nyumba pang'onopang'ono amafolera chipinda chimodzi n'kulowamo, zina n'kumamaliza ali momwemo.

Chomwe chimachititsa galimoto kuoneka ngati hot rod kwenikweni ndi kakhalidwe kake pa matayala, ndipo chimenechi n'chotchipa. Kutsogolo kwa 620 kuli ma torsion bar, ndodo zachitsulo zogwira ntchito ya masipuling'i, omwe mungawamasule pang'ono kuti mphuno itsike. Kumbuyo mumaika timabuloko pakati pa ekiselo ndi masipuling'i, ndi ma U-bolt atsopano aatali, osati akale owonjezera. Mukatero kaikitseni alainimenti. Musatsitse mopitirira. Misewu ya m'mavidiyo aja si ya ku Area 25 nyengo ya mvula, ndipo hampu imodzi yokha ingang'ambe sampu oyilo yense n'kutayika. Omanga hot rod ali ndi lamulo lomwe ndimaligwiritsa: pasakhale chitsulo chilichonse cholendewera kutsika kuposa m'mphepete mwa limu, kuti tayala likaphulika chokhudza pansi chikhale limu, osati chasisi kapena chiwongolero. Malimu achitsulo omwe ilinawo, atapalidwa n'kupakidwa penti yofiira kapena yoyera, amaikhala bwino galimoto ya zaka zimenezo kuposa malimu onyezimira akuluakulu okwera mtengo.

Kudula denga kuti litsike, komwe Sam ndi George Barris anatchuka nako pa ma Mercury a 1949 mpaka 1951, kusiyeni. Chitsulo mungachithe, vuto ndi magalasi. Galasi lakutsogolo la mapepala awiri omatikiza limadulika ndi katswiri, ndipo likakhala lokhota limasweka kawirikawiri. Magalasi a m'mbali owumitsidwa ndi moto sadulika n'komwe, amangophwanyika tizidutswa.

Tibwere ku V8 yanu. Ndikumvetsa, kulira kwake kumagwira mtima, ndipo sindikunena kuti muiiwale. Ku America otsika m'thumba amagwiritsa ntchito Chevrolet small-block, yomwe inayamba mu 1955, kapena ma V8 atsopanoko a kampani yomweyo otchedwa LS ochokera m'magalimoto a sikirapu, chifukwa ndi zomwe zadzadza kwawoko. Kuno kum'mwera kwa Africa yomwe imapezeka ndi Toyota 1UZ ya malita 4, ija inabwera ndi Lexus LS400 mu 1989, ndipo ku South Africa yalowa m'magalimoto amitundumitundu. Ndi injini yolimba, ya aluminiyamu, koma mtengo wa injiniyo ndi chiyambi chabe. Imafuna kompyuta yake ndi munthu wodziwa mawaya, pampu yamafuta yamphamvu, giyabokosi yake kapena chimbale cholumikizira ina, propshaft yodulidwa ndi kubalansidwa, rediyeta yaikulu, ekizozi yatsopano mbali zonse ziwiri, ndi difu yopirira, poti ya Datsun sinapangidwire mphamvu zotere. Ndi yotambalala, moti imalimbana malo ndi chiwongolero. Mukagula lero, idzakhala pakona zaka ikuchita dzimbiri pamene ndalama zake zikanakonza mabuleki ndi chasisi. Pamwamba pa zonsezo ganizirani petulo, mtengo wake ndi mizere ya pa filing'i siteshoni.

Injini ya malume ikadzatopa, sitepe yanzeru ndi ya masilinda anayi yokulirapo. KA24 ya malita 2.4 ya mu Nissan Hardbody ndi ya kampani yomweyo imene inkapanga Datsun ndipo anthu ambiri anaiikapo kale mu 620. Toyota 4Y ya malita 2.2, ija ya m'maminibasi akale a Hiace, ili ndi kabuleta, ilibe kompyuta, ndipo masipeyala ake ali paliponse. Iliyonse mwa ziwirizi gulani pamodzi ndi giyabokosi yake, muimve ikulira musanalipire, ndipo mutenge lisiti yolembedwa nambala ya injini. Mu pikiapu yopepuka ngati imeneyo mphamvu yake idzakukwanirani, ndipo luso lopanga mamawunting'i lomwe mudzaphunzire pamenepo ndi lomwe lidzafunike V8 ikadzafika.

Penti ndi yomaliza. Anyamata oyambirira aja ankayenda ndi pulaima zaka chifukwa ndalama za penti zinalibe, ndipo maonekedwe osawala aja lero anthu amachita kuwafuna. Mungodziwa kuti pulaima wamba amamwa madzi, dzimbiri n'kumadya kunsi kwake. Gwiritsani ntchito wa epoxy, kapena pakani penti yosawala pamwamba. Ku California mpando wong'ambika ankaufunditsa bulangete la ku Mexico, inu telala wa pamsika angakusokereni nsalu yolimba. Ma hot rod ena otchedwa rat rod omwe mukuwaona pa intaneti, odzionetsera dzimbiri ndi zowotcherera zokayikitsa, musawatengere. Dzimbiri la pamwamba pa boneti ndi nkhani ya kukonda kwa munthu, koma la pa chasisi limapha. Ikaninso malamba a pampando omangika pa chitsulo cholimba, ndi mafyuzi pa waya aliyense amene mwawonjezera, chifukwa magalimoto akale ambiri amapsa ndi mawaya olumikiza mwachisawawa.

Mukapita kumudzi, jambulani nambala ya chasisi, pansi pa kabu mbali zonse ziwiri, pomwe masipuling'i akumbuyo amagwira ndi m'kati mwa boneti, ndipo muyese ngati injini ikuzungulira ndi sipanala. Nditumizireni zithunzizo tione ngati chasisi chili chokonzeka kapena tifune china.