Kutopa ndi Facebook ndi WhatsApp

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake Facebook ndi WhatsApp zikukutopetsani. Mukutopa chifukwa masamba amenewa anakonzedwa kuti nkhani zisamathe, choncho maganizo sapeza mpata wopuma. Ine kuno ku Mbare, mumzinda wa Harare, ndinali m'magulu 6 a WhatsApp, kuphatikizapo la mpingo, la maliro ndi la achibale akumudzi ku Dedza, ndipo pafupifupi uthenga uliwonse unkafuna yankho kapena ndalama. Pa Facebook ndinkaona anzanga a ku Johannesburg akuonetsa magalimoto, ine n'kumadziona wotsalira, zimene zinkandipweteka kwambiri. Nditatuluka m'magulu atatu ndi kuyamba kuzimitsa foni usiku, tulo tinabwerera.

Koma ngati mtima wakhala ukulemera kupitirira milungu iwiri, chonde kaonaneni ndi adokotala, kapena agogo a Friendship Bench amene amapereka uphungu m'makiliniki a mu Harare muno.