Mwafunsa: amayi ndi kusala kwa Ramadhan

Makalata a mwezi uno ambiri achokera kwa amayi achisilamu a kuno ku Tete. Mayina tawabisa monga mwa masiku onse.

Funso: Ndinamanga (ndinasala kudya) bwinobwino tsiku lonse, koma dzuwa litatsala pang'ono kulowa, ndili pamoto kukonza futali (chakudya chomasulira), ndinaona kuti msambo wayamba. Apongozi akuti tsikulo lawerengedwa chifukwa linali litatha kale. Kodi n'zoona? (Mayi wa ku Ulongué)

Yankho: Pepani mayi, tsikulo mudzabweza. Swaumu (kusala kudya) imayamba pa Fajr, m'bandakucha, n'kuthera dzuwa likalowa, ndipo magazi a msambo akaoneka pakati pa nthawi ziwirizi, ngakhale patatsala mphindi zisanu, tsikulo silinakwane. Mulibe tchimo, ndipo mutha kudya nthawi yomweyo.

Pomwe amayi ambiri amasokonezeka ndi kumapeto kwa msambo. Magazi akasiya usiku, Fajr isanakwane, chitani niya (kutsimikiza mumtima kuti mumanga) ndipo mumange, ngakhale kusamba thupi lonse mutakuchita kutacha. Chofunika n'chakuti magazi asiye isanakwane Fajr, osati kuti musambe isanakwane Fajr. Koma musambe msanga kuti Swala (pemphero) ya m'bandakucha isakudutseni. Akasiya masana, sambani, yambani kuswali, ndipo tsikulo mulilembe pa masiku obweza.

Tati kulemba, ndipo tikutanthauza kulemba ndithu, pakalendala kapena m'foni. Mutu umanama. Pofika mwezi wa Shaaban, womwe umatsogolera Ramadhan ina, mayi amakhala akudzifunsa kuti kodi anali masiku 6 kapena 7. Zikatero, tengani chiwerengero chachikulucho. Mayi Aisha, mkazi wa Mtumiki Muhammad, anafotokoza kuti iwo ankalamulidwa kubweza swaumu koma osati Swala, choncho Swala za masiku amenewo musavutike nazo.

Funso: Ndili ndi pakati pa miyezi 7 ndipo ndimagulitsa ndiwo pamsika. Chaka chatha ndinamanga mwezi wonse. Chaka chino ikamakwana 2 koloko masana ndimachita chizungulire, koma ndikuopa kuti anzanga andinena kuti chikhulupiriro chandithera. (Mayi wa ku Moatize)

Yankho: Anzanuwo sakusenzerani mimbayo. Qur'an, pa Sura 2 ndime 184 ndi 185, ikuloleza wodwala kumasula n'kudzabweza masiku ena, ndipo ma ulama (akatswiri a chipembedzo) onse amamuika mayi woyembekezera ndi woyamwitsa m'chilolezo chimenechi ngati akuopa kuti iye kapena mwana apwetekeka.

Taonani nthawi yake. Zaka zino Ramadhan ikugwa m'February ndi March. Kuno Fajr imakhala cha m'ma 4:30 ndipo dzuwa limalowa itadutsa 6 koloko, ndiye kuti pafupifupi maola 14 opanda dontho la madzi. Ku Moatize ndi mumzinda wa Tete kutentha kwake sikufanana ndi kwa ku Angónia kapena Tsangano, choncho musadziyerekeze ndi mchemwali wanu wa kumapiri amene akumanga osavutika.

Masulani nthawi yomweyo mukaona chimodzi mwa izi: chizungulire chofuna kukugwetsani, mkodzo wochepa komanso wakuda ngati tiyi, mutu wosaleka, m'mimba kumangika mobwerezabwereza, kapena mwana kusiya kusewera monga amachitira. Imwani madzi pang'onopang'ono. Ngati mulibe paketi ya ORS (mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi), sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Mwana akapanda kuyambanso kusewera, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, musadikire tsiku la sikelo.

Za kubweza, pali kusiyana. Kwa otsatira chiphunzitso cha Imam Shafi'i, omwe ndi ambiri m'dziko muno, mukamasula poopera thanzi lanu, kapena lanu ndi la mwana pamodzi, mumangobweza masikuwo. Mukamasula poopera mwana yekha, mumabweza komanso kupereka fidya, yomwe ndi muyezo wa mudd umodzi wa chakudya chodalirika cha kwanuko pa tsiku lililonse. Mudd ndi manja awiri odzaza pamodzi, ndipo ukayezedwa umaposa theka la kilo koma sufika kilo. Kwa ife ndi chimanga kapena mpunga, ndipo amapatsidwa wosauka. Otsatira Imam Abu Hanifa amangobweza, fidya palibe. Funsani shehe wa pamzikiti wanu kuti pamenepo mumatsata njira iti.

Funso: Kodi kulawa ndiwo kumamasula? (Mtsikana wa ku Zóbuè)

Yankho: Ayi, bola osameza. Ikani kunsonga kwa lilime, lavulani, tsukani m'kamwa. Mukadya moiwala, siyani pomwe mwakumbukirapo n'kupitiriza swaumu yanu.

Funso: Chibayitsireni jakisoni wolera, ndimaona timadontho ta magazi pafupifupi mwezi wonse. Ndimange kapena ayi? (Mayi wa ku Furancungo)

Yankho: Jakisoni wa miyezi itatu amachitadi zimenezo, makamaka m'miyezi yoyambirira, chifukwa amasintha kakhalidwe ka khungu la m'kati mwa chiberekero. Si magazi onse omwe ali msambo. Kwa a Shafi'i msambo supitirira masiku 15, kwa a Hanafi (otsatira Imam Abu Hanifa) masiku 10. Opitirira pamenepo amatchedwa istihadha, ndipo mayi wake amamanga ndi kuswali. Amadzitsuka, kuvala pothira pake, n'kuchita wudhu (kusamba kokonzekera Swala) watsopano nthawi ya Swala iliyonse ikakwana.

Chovuta ndi kudziwa kuti msambo weniweni ndi masiku ati. Yambirani pa chizolowezi chanu chakale: unkabwera liti, unkatha masiku angati. Onaninso mtundu wa magazi, poti a msambo kawirikawiri amakhala oderapo, olemera ndi afungo. Lembani zimenezi kwa mwezi wathunthu mupite nazo kwa mwalimu wamkazi. Magazi akachuluka mpaka kumafooka, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala.

Funso: Ndikadya daku (chakudya cha Fajr isanakwane), pofika 10 koloko ludzu landipha kale. Ndikulakwitsa pati? (Mayi wa mumzinda wa Tete)

Yankho: Tikukayikira mchere. Nsomba ya chicoa ndi yokoma, sitikana, koma ya m'bandakucha imabwezera ndi ludzu masana onse. Isungireni madzulo, ndipo muziiviika kaye m'madzi. Tiyi wambiri nayenso amakodzetsa. Pa daku idyani zokhalitsa m'mimba: phala la mgaiwa lotendera nsinjiro, nyemba, mbatata, dzira. Madzi musawagugude onse pakamodzi chifukwa amangodutsa. Agaweni makapu 8 chonchi: awiri pomasula, awiri pambuyo pa chakudya, awiri mukachoka ku Tarawehe (Swala ya usiku ya m'Ramadhan), awiri pa daku. Ndipo daku muzichedwetsa kufikira pafupi ndi Fajr, monga sunnah (chiphunzitso cha Mtumiki) ikunenera. Ena amadya 11 koloko usiku n'kugona, osadziwa kuti adziwonjezera maola asanu a njala.

Funso: Msambo wanga udzagwa m'masiku khumi omaliza. Ndikumva ngati Lailatul Qadr (usiku wa madalitso aakulu) yandidutsa, mtima ukundiwawa. (Mayi wa ku Dómuè)

Yankho: Chomwe chaimitsidwa kwa inu ndi Swala ndi swaumu, komanso kugwira msahafu (buku la Qur'an). Dua (kupempha kwa Allah), dhikiri (kutchula ndi kutamanda Allah), kupempha chikhululuko, sadaka ndi kumvetsera Qur'an pawailesi kapena pafoni zonsezi n'zotseguka. Dzukani usiku wa 21, 23, 25, 27 ndi 29, khalani pamkeka, mubwereze dua yomwe Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anaphunzitsa Mayi Aisha: Allahumma innaka afuwwun tuhibbul afwa fa'fu anni, kutanthauza kuti Inu Allah ndinu Wokhululuka, mumakonda kukhululuka, choncho ndikhululukireni. Zakatul fitr yanu, chopereka cha kumapeto kwa Ramadhan, nayo siyiima chifukwa cha msambo. Ndi pafupifupi makilo awiri ndi theka mpaka atatu a chimanga kapena mpunga pa munthu aliyense wa pakhomo, kuphatikizapo khanda, ndipo ifike kwa wosauka Swala ya Eid isanayambe.