Yankho la mu Ogasiti 2021 kwa achemwali ofunsa za nambala za Covid-19 ndi katemera wachiwiri wa amayi awo

Achemwali, mwafunsa ziwiri pakamodzi. Choyamba, mungadziwe bwanji kuti Covid-19 yavuta kwanu ku Ndirande pamene nambala zomwe boma likutulutsa zimangotchula dziko lonse ndi maboma. Chachiwiri, ngati n'kwanzeru kutenga amayi anu, omwe ali ndi shuga ndi BP, kukaima nawo pamzere wa katemera wachiwiri, poti woyamba anabayitsa mu Epulo ndipo tsiku lawo linadutsa katemera atatha. Ndaona ena akuyankhani kale kuti nambalazo n'zophika. Ine ndiyankha motalikirapo, mundipirire.

Lipoti lija Unduna wa Zaumoyo unkaika pa tsamba lake la Facebook tsiku lililonse mu 2021, ambiri tinkangowerenga mzere woyamba, wa anthu omwe apezeka ndi kachilomboka, n'kupitirira. Mzere umenewo paokha umasocheretsa. Ngati lero ayeza anthu ochepa, apezanso ochepa, ndipo n'chifukwa chake nambala imakonda kutsika kumapeto kwa sabata pamene oyezetsa amachepa. Inu muzifuna pomwe alemba kuti mwa anthu omwe ayezedwa, angati pa 100 aliwonse apezeka nako. Tiyerekeze kuti ayeza 2,000 n'kupeza 400: ameneyo ndi 20 pa 100, munthu mmodzi mwa asanu alionse. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati mliri ukuyamba kugwirika nambala imeneyi ikakhala pansi pa 5 pa 100 kwa milungu iwiri yotsatizana. Ikakhala pamwamba kwambiri, ndiye kuti odwala omwe sanayezedwe ndi ochuluka kuposa omwe alembedwa. Musaweruze ndi tsiku limodzi, muziyerekeza sabata ino ndi yatha.

Mzere wina wofunika ndi wa ogonekedwa m'zipatala, umene amaugawa ndi maboma. Umenewu ndi wovuta kuunamiza, chifukwa munthu akhoza kuzemba kuyezetsa koma akabanika amathamangira kuchipatala basi. Wa Blantyre ukamakwera masiku angapo motsatizana, dziwani kuti Ndirande ili momwemo. Odwala a ku chipatala chachikulu cha Queens amachokera m'makwalala mwathu momwemu.

Koma ngakhale mzere umenewo umabwera mochedwa. Munthu akatenga kachilomboka pamadutsa masiku asanu kapena asanu ndi limodzi asanamve kalikonse, nthawi zina mpaka 14. Akayamba kutsokomola amayamba wagula panado pa okala, kenako LA poganiza kuti ndi malungo, kenako kufukiza ndi masamba a bulugama. Pofika kuchipatala sabata ina yatha. Ndiye zomwe mukuwerenga usiku uno ndi za anthu omwe anapatsirana milungu iwiri yapitayo, ndipo za omwalira ndi zakalenso kuposa apo. Kumbukirani Januwale wa 2021. Pa 12 Januwale tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, ndipo m'pamene ambiri anadzidzimuka n'kuyamba kusaka masiki. Komatu matendawa anali atayenda kale m'maukwati ndi m'maphwando a Khrisimasi tonse tili phee.

Za Ndirande yeniyeni, palibe tsamba lomwe lingakuuzeni kuposa maso ndi makutu anu. Kutchalitchi kapena kumzikiti akamalengeza odwala ambiri kuposa masiku onse, kuntchito anthu atatu anayi akasowa ndi "chimfine chachikulu", mukamva wina akudandaula kuti sakumva fungo la sopo ngakhale kukoma kwa ndiwo, musadikire lipoti. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, uja amayendetsa sikelo ya ana, amadziwa zambiri za mmene zinthu zilili pa chipatala chanu. Mufunseni, sangakutchulireni maina koma akuuzani ngati zavuta. Mu 2021 panalinso nambala yaulere ya 929.

Tsopano za amayi. Apite, ndipo musazengereze. Kuchedwa kwa katemera wachiwiri wa AstraZeneca sikuti kwafafaniza woyamba uja, sayambiranso poyamba. Kuno anaika milungu 12 pakati pa awiriwo, koma kupitirirako si chifukwa chosiyira. Kuchedwako sikunali kulakwa kwawo. Katemera woyamba kufika m'dziko muno, madozi 360,000 a COVAX (ndondomeko yogawira katemera kumaiko), anafika pa 5 Malichi 2021, a Chakwera anabayitsa pa 11 Malichi ku Zomba, koma anthu anachita mphwayi chifukwa cha mphekesera, mpaka pa 19 Meyi madozi 19,610 otha ntchito anatenthedwa ku Kamuzu Central Hospital. Funde lachitatu litayamba kuluma mu Juni aliyense anathamangira komweko, katemera n'kutha. Wina, madozi 192,000, anadzafika pa 24 Julayi. Kutengera mmene zinayendera mu 2021, ine sindingabetche kuti amene alipo panopa adikira munthu. Komanso anthu a shuga, a BP ndi a zaka zoposa 60 ndi omwe matendawa akuwagwetsa kwambiri, n'chifukwa chake anaikidwa m'gulu loyambirira kulandira.

Atenge khadi lija anawapatsa tsiku loyamba, pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala. Pakhadipo palembedwa mtundu wa katemera, ndipo popeza anayamba ndi AstraZeneca amalizenso ndi yemweyo. Katemera wa Johnson & Johnson amene anafika mu Ogasiti 2021 ndi wobaya kamodzi, ndi woyenera inuyo ngati simunabayitsepo. Amwe mankhwala awo a shuga ndi BP monga mwa masiku onse, adye kaye asananyamuke, ndipo ngati tsikulo adzuka ndi thupi lotentha adikire kaye achire.

Nkhawa yanu ya pamzere ndi yomveka, ndipo ndi imene ambiri sakuiganizira. Ndinaona pa chipatala china anthu atathithikana pakhonde, masiki ali pachibwano, wina akufuula nkhani za mpira pamutu pa gogo wina amene anakhala pabenchi. Munthu akhoza kutenga matendawa pamalo pomwe wapita kukadziteteza. Ndiye lawirirani m'mamawa, inu muime pamzere, amayi akhale pambali pamthunzi pamene mphepo ikudutsa, muwaitane nthawi yawo ikakwana. Masiki aphimbe mphuno, ngati ndi ansalu akhale okhuthala kapena avale awiri. Mu minibasi akhale cha pawindo ndipo litsegulidwe, ngakhale wina adandaule za fumbi. Mukakhala ndi kangachepe, kabaza wanjinga yamoto kapena kuyenda wapansi n'kwabwino kuposa kudzazana anayi pampando.

Akabayitsa amauzidwa kukhala kaye pompo mphindi zingapo kuti awaone, asathamangire kunyumba. Mkono kuwawa, mutu, kuphwanya m'thupi kapena kutentha thupi kwa tsiku limodzi kapena awiri si zachilendo, panado amathandiza. Zomwe simuyenera kuzilekerera ndi mutu waukulu wosamva mankhwala patapita masiku angapo, kusaona bwino, kutupa mwendo, kupweteka pachifuwa kapena kubanika. Zimenezi n'zosowa kwambiri, koma zikachitika ndi za kuchipatala tsiku lomwelo. Mphekesera za 666, za maginito omata pamkono, za kufa pakatha zaka ziwiri, sinditayapo nthawi. Madokotala ndi anamwino athu ndiwo anayamba kubayitsa mu Malichi, ndipo ndi omwewo mukawapeze akugwira ntchito.

Pomwe ambiri akugwera ndi pambuyo pa jakisoni. Thupi limafuna pafupifupi milungu iwiri chibayitsireni wachiwiri kuti chitetezo chikhwime, ndipo ngakhale chitakhwima, ntchito yake yaikulu ndi kuletsa kuti munthu asadwale mpaka kufuna mpweya wa okosijeni. Kutenga kachilomboka n'kupatsira ena kumathekabe, makamaka ndi mtundu wa Delta umene unavuta mu 2021. Malo amene ndikuopera amayi anu kuposa pamzere ndi pamaliro. Amayi athu ndiwo amagona m'nyumba ya siwa usiku wonse, mawindo otseka chifukwa cha kuzizira, akuimba mothithikana pamphasa, m'mawa onse n'kusamba m'manja m'beseni limodzi. Kuwaletsa kupita kumaliro a mnansi n'kovuta, tonse tikudziwa mmene anthu amalankhulira. Koma akhoza kukapepesa masana, kukhala panja, kupereka chipepeso chawo n'kubwerera, kogona mukagone ndinu ana, mutavala masiki. Mukabwerako musakhale nawo moyandikana kwa masiku angapo, ndipo wina pakhomopo akayamba chifuwa agone chipinda chake, akayezetse msanga, asayambe wadikira kuti aone ngati bulugama agwira ntchito.