Kodi ndidikire kuchira ndisanayambe ntchito ya pa intaneti?

Adokotala, ndinachita ngozi ya njinga yamoto mu 2022, msana unathyoka, ndipo kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi sindimva kanthu. Kale ndinkawerengera ndalama pa sitolo ina. Anzanga a pagulu la WhatsApp la oyendera wilitcheya akuthandizana kulemba CV ndi kupeza ntchito zogwirira pakhomo. Amayi akuti ndigone ndichire kaye, kukhalira kompyuta kupinda msana. Ndilinso ndi kachilonda kuthako, ndimathirapo ufa wa kapisozi. Wowerenga, Balaka

Achimwene, m'kalata mwanu ndikumva mantha akuti mukayamba ntchito ndiye kuti mwavomera kuti simudzayendanso. Amayi akulankhula mwachikondi, koma pa kugonapo alakwitsa. Mitsempha ya mumsana ikavulala, mphamvu zimene zingabwerere zimabwerera kwambiri m'miyezi 6 mpaka 12 yoyambirira. Zaka zapitazi fupa linalumikizana kale. Kugona tsopano sikulumikiza mtsempha; kumafooketsa manja amene mukudalira, kumaumitsa mfundo za miyendo, kumaitana chibayo, ndipo maganizo amachuluka. Kompyuta siipinda msana. Mutu ndi manja anu zili bwino, maakaunti mumawadziwa. Lowani nawo gululo, kungoti wina akati mutumize kaye ndalama pa foni kuti akulembeni ntchito, ameneyo ndi wakuba.

Chondidetsa nkhawa ine ndi "kachilonda" mwakatchula komalizirako ngati nkhani yongodutsa. Thako lanu silimva ululu, choncho silikuchenjezani. Chilonda chotere chimaoneka chaching'ono pamwamba pomwe mkati chikudya mpaka kufupa, ndipo chikalowetsa tizilombo m'magazi chimapha. Ufa wa kapisozi wa pagolosale? Siyani lero. Mwachedwa kale kukachionetsa kuchipatala.

Pitani kuchipatala cha boma sabata ino akachione ndi kuchitsuka, ndipo musachikhalire mpaka chitapola. Ntchito mutha kuyamba mutagona chammbali kapena chafufumimba, foni m'manja. Kapempheni kuonana ndi a fiziyo, amene amathandiza odwala ndi masewera olimbitsa thupi, ndipo mufunse ngati angakutumizeni ku Kachere Rehabilitation Centre, malo othandizira anthu olumala ku Blantyre, kuti akakuyezereni khushoni yoyenera ya pa wilitcheya. Chikapola, muzinyamuka pampando ndi manja kapena kuweramira kutsogolo pakapita mphindi 15 mpaka 30 zilizonse. Tcherani alamu, chifukwa munthu akatanganidwa amaiwala. Usiku azikutembenuzani maola awiri aliwonse, ndipo m'mawa muzidziyang'ana kuthako pagalasi. Mkodzo ukayamba kununkha kapena kuda, thupi n'kutentha, thamangirani kuchipatala, musadikire kuti kuche. Amayi mupite nawo, akamve okha kwa a fiziyo.